Zolemba za Ntchito Yokonza Ulendo wa Panjinga Wozungulira Mapiri a Nyika

Sabata yoyamba ya Malichi

Ndayamba kulemba m'kope lino kuti zimene tikugwirizana zisamathere m'kamwa, popeza nkhani ya ulendowu tinaiyamba nthawi ya Khirisimasi koma nthawi iliyonse tikakumana timabwerera pomwe tinayambira. Tilipo anayi, ndipo tonse tikukhala mu Mzuzu: ine, alamu anga amene kwawo ndi kufupi ndi Bolero, mphwanga amene ali ndi miyendo yolimba kuposa tonsefe, komanso mayi ena a kumpingo kwathu omwe ndi anamwino ndipo akhala akupalasa njinga popita kuntchito kwa zaka zambiri. Cholinga chathu ndi kuzungulira mapiri a Nyika pa njinga zakapalasa, kunyamukira pakhomo ndi kudzatsikiranso pakhomo, popanda galimoto yotilondola pambuyo, aliyense atamanga pakeliyala chogona chake ndi chakudya chake.

Njira imene tajambula koyamba ikuchoka mu Mzuzu kudzera pa Ekwendeni mpaka ku Rumphi, kenaka ku Bolero ndi kukalowa m'paki ya Nyika pa chipata cha Thazima. Kuchoka ku Chelinda, malo ofikira alendo pamwamba pa mapiriwo, tikufuna kukatulukira pa chipata cha Kaperekezi, kudutsa Nthalire, Wenya ndi Chisenga mpaka ku Chitipa, kutsikira ku Karonga, kutsata nyanja mpaka pa Chitimba, kukwera msewu wa Gorodi kupita ku Livingstonia, ndi kubwerera kudzera m'mapiri a Phoka. Mwa kuwerengera kwathu, mtunda wonsewu ukuyandikira makilomita 700. Mphwanga anatenga cholembera n'kugawa nambalayo ndi 100, ndipo anati ndi ulendo wa masiku asanu ndi awiri. Sindinamutsutse pamaso pa anzathu, koma mtima wanga sunavomere, chifukwa makilomita 100 amene iye amawadziwa ndi a pamsewu wa phula, panjinga yopanda katundu.

Sabata yachitatu ya Malichi

Masiku apitawa ndawathera pa mapu. Ndinabwereka mapepala akale a muyeso wa 1:50,000, momwe masentimita awiri amaimira kilomita imodzi, ndipo ndinawayala pansi m'chipinda chochezera n'kuwatsindira ndi makapu m'makona. Mapu a pafoni ochokera ku OpenStreetMap ndawakoperanso kuti azitsekuka ngakhale kopanda netiweki, koma pakagalasi kakang'ono ka foni diso limangotsata mzere wa msewu, pomwe papepala lalikulu munthu amaona dziko lonse nthawi imodzi, mitsinje komwe ikuchokera ndi zigwa zimene msewu uyenera kuoloka. Chimene ndimafuna kwenikweni ndi mizere yopyapyala ija yosonyeza kukwera kwa malo. Pamene mizereyo yatalikirana, mwendo udzapuma; pamene yathithikana ngati tsitsi lopesa, pamenepo tidzatsika n'kukankha.

Manambala a kukwera ndi amene asintha maganizo anga pa ulendo wonse. Madzi a m'nyanja ali pa mamita osakwana 500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, Mzuzu ali pa mamita pafupifupi 1,250, Rumphi ali m'munsi pang'ono kuposa Mzuzu, Chelinda ali pa mamita pafupifupi 2,300, ndipo nsonga ya Nganda, yomwe ndi yaitali kuposa zonse pa Nyika, ikupitirira pang'ono mamita 2,600. Kuchoka ku Rumphi kukafika pa Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda ndi enanso pafupifupi 60. Munthu wowerenga makilomita okha angati ndi tsiku limodzi lolimbikira. Koma pakati pa Rumphi ndi Chelinda pali kusiyana kwa mamita oposa 1,000, ndipo msewuwo sukwera kamodzi n'kutha, umakwera n'kutsikira mumtsinje, n'kukweranso pomwe unataya. Kukwera kumene mwendo udzamve ndi kochuluka kuposa kusiyana kwa malo awiriwo.

Ndapempha anzanga kuti tisadule masiku tisanayese matupi athu ndi katundu weniweni. Avomera, ngakhale mphwanga wavomera mokoka.

Sabata yoyamba ya Epulo

Kuyesa koyamba kwachitika. Loweruka tinatsikira ku Nkhata Bay, tinagona komweko, ndipo Lamlungu titapemphera m'mamawa tinakwera kubwerera ku Mzuzu. Msewu umenewu ndi wa makilomita pafupifupi 50 ndipo umakwera mamita oyandikira 800 kuchoka kunyanja, choncho ndi sikelo yabwino yoyezera zimene zikutidikira. Aliyense anamanga makilogalamu 15 a mchenga m'matumba awiri, ndipo ndinalemba nthawi pa malo aliwonse amene tinaima.

Potsika tinatenga maola awiri ndi theka. Pokwera tinatenga maola asanu ndi limodzi ndi theka, kuphatikiza kupuma, ndipo umenewu ndi msewu wa phula. Kuchokera pa zimenezi ndakonza kawerengedwe kathu: pamalo athyathyathya a phula tiziwerengera makilomita 15 pa ola, pamsewu wafumbi makilomita 10, ndipo pa mamita 300 aliwonse okwera tizionjezerapo ola lathunthu. Tsiku lililonse lisapitirire maola asanu ndi awiri a pachishalo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa 6 koloko isanakwane, ndipo tiyenera kukhala titakhoma matenti, titatunga madzi ndi kuphika kusanade. Nditaika kawerengedwe kameneka pa njira yathu, masiku asanu ndi awiri aja anasanduka khumi ndi atatu. Mphwanga, amene pa chitunda chomaliza cholowera mu Mzuzu anatsika n'kukankha pamodzi ndi ife tonse, sanatsutse.

Kuyesaku kwaonetsanso vuto la magiya. Njinga ya alamu anga ndi yolimba, koma giya yake yopepuka kwambiri ikadali yolemera pa chitunda chenicheni, moti amaimirira pamapedulo mpaka mawondo anayamba kuwawawa. Zathu zina zili ndi mano 22 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, kutanthauza kuti mwendo ukazungulira katatu tayala limazungulira kawiri kokha, ndipo n'chifukwa chake munthu amatha kukwera atakhala pansi, pang'onopang'ono, osathyola msana. Tagwirizana kusonkha ndalama kuti njinga ya alamu isinthidwe magiya akumbuyo pamodzi ndi tcheni, popeza tcheni chakale pa mano atsopano chimadumpha.

Sabata yomaliza ya Epulo

Ine ndi alamu tinakwera minibasi ndi njinga zathu mpaka ku Rumphi, kuti tikaone ndi maso gawo la ku Thazima. Tinagona kwawo kufupi ndi Bolero, dera la Themba la Mathemba Chikulamayembe komwe kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya, ndipo m'mawa mwake tinapalasa mpaka pa chipata n'kubwerera. Mvula inali itangosiya kumene, ndipo m'malo otsika matope anali asanaume.

Mapu sananene kanthu za nthaka ya msewuwo. Mbali yaikulu ndi yafumbi, ndipo m'malo ambiri matayala a magalimoto aumba timizere topingasa tofanana ndi malata a padenga, totalika pafupifupi chikhatho, timene timagwedeza njinga mpaka mano kuluma lilime. Ukathamanga, katundu amadumpha pakeliyala; ukachepetsa liwiro, tayala limagwera m'kadzenje kalikonse. Njira yabwino ndi kamzere kosalala kam'mbali kamene akabaza ndi amayi opita kuchigayo apondaponda, kotambalala ngati thaulo, ndipo tinaphunzira kukatsata ngakhale kakusamukira mbali ina ya msewu. Ino ndi nyengo ya fodya, choncho malole onyamula mabelo amadutsa pafupipafupi n'kutisiya mu fumbi lofiira losaonetsa kutsogolo. Pa makilomita a m'mawa tinayenda 9 pa ola, kutsimikiza kuti 10 amene ndinalemba aja sindinachepetse.

Pobwerera, bawuti imodzi ya keliyala yanga inamasuka ndi kugwedezeka kuja n'kugwa osaiona. Tinaima pa bambo ena achikulire okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, amene zida zawo zonse zinali m'kabokosi kamatabwa: masipanala atatu, pampu, chitini cha girisi ndi mulu wa machubu akale. Alamu anawapatsa moni m'Chitumbuka, ine ndinangoti "Monire adada," ndipo iwo anaseka mokondwa n'kundiyankha m'Chichewa. Anapeza bawuti ina m'chitini, anaimanga, kenaka anadula legeni n'kukulunga molimba pamene keliyala ikumana ndi felemu, kuti ngakhale bawuti itagwanso chitsulo chisachoke. Atamva za ulendo wathu anagwira tayala langa lakumbuyo, n'kumadina masipoko awiriawiri ndi zala ngati akuimba bangwe, ndipo anandionetsa atatu amene anali olefuka. Anati njinga yonyamula katundu imayamba kufa ndi tayala lakumbuyo, ndipo sipoko imodzi ikaduka zinzake zimatsatira tsiku lomwelo. Anatilangizanso kuti tiphwetseko pang'ono matayala tikafika pa timizere tija, osawapopa gwa ngati tili pa phula. Ndinayesa pa makilomita otsalawo ndipo manja anasiya kuchita dzanzi.

Mwa zonse zimene taphunzira mpaka pano, za bambo amenewa ndi zimene zalowa kwambiri m'ndandanda wa katundu. Aliyense anyamule masipoko asanu a muyeso wa tayala lake, mabawuti apadera, malegeni, machubu awiri, zigamba ndi guluu wake. Tayala limodzi lapadera tidzanyamula la gulu lonse, ndipo mwamwayi njinga zonse zinayi ndi za matayala a mainchesi 26, omwe amapezeka ngakhale m'magolosale a kumidzi.

Maganizo opatukira ku Kazuni, m'nkhalango ya Vwaza, tawasiya. Ndi malo okongola, koma kumeneko kuli akashembe, ntchentche zija zimene zimafalitsa matenda a kaodzera, ndipo zimakopeka ndi chinthu choyenda komanso zovala zakuda kapena zabuluu. Munthu wa panjinga, wotuluka thukuta ndi woyenda pang'onopang'ono, alibe pothawira. Anamwino athu anenetsa kuti ngakhale m'madera oyandikana ndi nkhalangoyo tidzavale malaya a manja aatali a mtundu wa khaki.

Sabata yachiwiri ya Meyi

Sabata ino njira yathu yatembenuka, ndipo ndikufuna kulemba bwino chifukwa chake kuti tsiku lina tikadzatopa tisadzayambe kulozana zala.

Tonse anayi tinapita ku Chitimba kukayesa Gorodi. Msewu umenewu umakwera kuchoka m'mbali mwa nyanja kupita ku Livingstonia, pa Khondowe, komwe Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894 atachoka ku Bandawe. Ndi wa makilomita pafupifupi 15, uli ndi makona akuthwa 20, ndipo umakwera mamita oposa 700. Tinanyamuka kusanatenthe ndi matumba athu a mchenga aja. Pansi pake ndi miyala yosongoka ndi dothi lokokoloka, kupatula m'makona ena momwe anathiramo konkire, ndipo pa kona iliyonse munthu akacheuka amaona nyanja ikukulirakulira kumbuyo kwake, ngalawa zikusanduka timadontho. Tinakwera maola anayi, theka la njira tikukankha. Pamwamba tinaima pa mathithi a Manchewe, pomwe madzi amagwa mamita oposa 100 kulowa m'phompho, ndipo tinakaonanso Stone House, nyumba yamiyala imene Laws ankakhalamo.

Kutsika ndi kumene kunatiphunzitsa zambiri. Tisanafike pakati pa phiri ndinamva fungo la mphira yopserera, ndipo nditakhudza limu ya tayala lakutsogolo ndinachotsa chala msanga chifukwa inali yotentha ngati chiwaya. Mphira za mabuleki zimene ndinagula posachedwa pa sitolo ina mumzinda zinali zitadyeka mpaka chitsulo kutsala pang'ono kuonekera. Limu ikatentha chotero mpweya wa m'chubu umafufuma, ndipo chubu chikhoza kuphulika munthu ali pakona, phompho lili pambali. Tinakhala pansi mphindi 20 kudikira kuti zitsulo zizizire, ndipo kuchokera pamenepo tinatsika mwa lamulo: kugwira buleki mwamphamvu kanthawi kochepa n'kusiya, osaikoka mosalekeza, ndi kuima pa makona anayi aliwonse. Aliyense adzanyamula mphira za mabuleki zapadera mapeyala awiri, zogula kwa munthu amene alamu amamudalira.

Madzulo pa Chitimba tinakhala pamchenga ndi asodzi akusoka maukonde. Mmodzi wa iwo, bambo wa msinkhu wanga, atamva kuti tidzachoka ku Karonga kulowera kummwera m'mwezi wa Juni, anapukusa mutu n'kuloza kunyanja komwe mafunde anali atayamba kuchita thovu. Anatikumbutsa za mwera, mphepo imene imaomba kuchokera kummwera chakummawa m'miyezi yozizira, nthawi zina masiku angapo osaleka, mpaka asodzi kukokera ngalawa kumtunda. Kuchoka ku Karonga kufika pa Chitimba ndi makilomita pafupifupi 90 a chidikha chopanda pobisala, ndipo mwa njira yathu yoyamba mphepoyo ikanatiomba pamphumi mtunda wonsewo, kenaka n'kukumana ndi Gorodi miyendo itatheratu. Za mwera ndimazidziwa kuyambira kale, koma pa mapu anga ndinalemba zitunda zokha, mphepo sindinaiikepo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife chimene chatipulumutsa n'chakuti tinakhala pansi n'kucheza.

Choncho tizungulira mobwerera. Tiyamba ndi Phoka ndi Livingstonia, titsika Gorodi, mwera utikankha kumsana mpaka ku Karonga, tikwera ku Chitipa pa msewu wa phula wa makilomita pafupifupi 100, ndipo pa Nyika tikalowera ku Kaperekezi n'kutulukira ku Thazima. Ubwino wina ndi wakuti tidzafika pa mapiri aatali patatha sabata yathunthu tili pachishalo, matupi atazolowera. Kuipa kwake sitikukubisa: chitunda chochoka ku Nthalire kukwera pa Nyika n'choimirira kwambiri, mizere ya pa mapu yathithikana pamenepo kuposa pena paliponse pa njira yathu, ndipo pamwamba mphepo yomweyo idzatipeza cham'mbali ndi chakutsogolo. Alamu anakayikira pa chifukwa chimenechi, ndipo kukayika kwawo n'komveka. Tagwirizana kuti gawo limenelo tilidule pawiri ndipo tizinyamuka m'bandakucha mphepo isanakule.

Sabata yachitatu ya Meyi

Kalata yopita ku ofesi ya paki yalembedwa ndipo yatumizidwa. Tafotokoza kuti ndife anthu anayi a panjinga, masiku amene tikuyembekeza kulowa ndi kutuluka, zipata zimene tidzadzere, ndipo tapempha kuti atiuze malamulo oyendera, malo ololedwa kugona, komanso ngati pali magawo amene tiyenera kuperekezedwa ndi a gemu. Chimene adzatiuze tidzachitsata, ngakhale chitasintha masiku athu.

Nyika ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi, ya masikweya kilomita oposa 3,000. Inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo inakulitsidwa mu 1978. Pamwamba pake ndi udzu wokhawokha pa timapiri tosalala totsatizana mpaka komwe diso lalekera, ndi tinkhalango tobiriwira tobisala m'zigwa, ndipo kumeneko kumadya mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo, nyama zimene sizivuta munthu wodutsa mwaulemu. Nkhawa yanga ili m'munsi, m'nkhalango za miombo zozungulira mapiriwo, momwe mumayenda njovu. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Nyika kukaonjezera zimene zinalipo kale. Njinga siimveka ikamabwera, ndipo kutulukira njovu ya mwana pakona, uli pa mtsetse ndi katundu, ndi ngozi imene sitingaichepetse. Tagwirizana kuti m'nkhalango tiziyenda pamodzi, tizilankhula mokweza, tisamathamange m'makona, ndipo tikaona ndowe zatsopano kapena nthambi zothyoledwa kumene tiime n'kumvetsera.

Talemberananso lamulo lakuti tayala lisachoke mumsewu. Pa Nyika pamamera mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'gulu la chinaka, amene amachita maluwa nthawi ya dzinja, ndipo ena mwa iwo akuchepa chifukwa cha anthu okumba mizu yake mozemba kukagulitsa. M'nyengo yathu maluwawo sadzaoneka, adzakhala ali pansi pa nthaka, koma kudula njira paudzu ndi njinga zinayi zolemera kumasiya kanjira kamene mvula imadzakasandutsa ngalande.

Pali njira ya miyendo yochoka ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, imene anthu amayenda masiku atatu ndi wowaperekeza, ndipo mphwanga anafunsa ngati singatifupikitsire ulendo. Taikana. Ndi njira ya wapansi, yotsika m'malo oti njinga iyenera kusenzedwa paphewa, ndipo kusenza njinga ndi katundu wake masiku atatu si ulendo umene tikukonza.

Alamu anatiuza chinthu china chimene ndaona kuti chiyenera kulowa m'kope lino. Pamene paki inkakulitsidwa, mabanja ambiri anachotsedwa m'malo amene makolo awo ankakhala ndi kuikidwa, ndipo m'midzi ina yozungulira nkhaniyi ikadali yowawa. Ife tidzadutsamo ngati alendo okaona kukongola kwa malo amene ena anawasiya akulira. Choncho m'mudzi uliwonse umene tidzapemphe malo ogona tidzayamba kwa anyakwawa, alamu ndi amene azidzatilankhulira, ndipo sitidzajambula munthu kapena nyumba yake tisanapemphe. Kumtunda kwa Chitipa zilankhulo ndi zambiri, Chilambya, Chinyiha, Chisukwa ndi zina, koma Chitumbuka cha alamu chidzatifikitsa patali.

Sabata yomaliza ya Meyi

Kuzizira, madzi ndi chakudya. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, choncho pakati pa Karonga ndi Chelinda pali kusiyana kwa madigiri oposa 10 ngakhale tsiku lomwelo, ndipo mu Juni ndi Julayi pa Nyika pamagwa chisanu chochita kuyeretsa udzu m'mawa. Tinayesa zogona zathu usiku umodzi ku Chikangawa, komwe kumazizira kuposa mu Mzuzu ngakhale sikufika pa Chelinda. Zofunda zinakwanira pamwamba, koma kuzizira kunalowera pansi, ndipo mphwanga amene anayala chitenje chokha anadzuka pakati pa usiku mano akugundana. Tsopano aliyense ali ndi kamatiresi kopyapyala kopinda, chipewa chaubweya, magolovesi ndi masokosi ogonera amene sadzavalidwa masana. Anamwino anatichenjeza kuti nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene munthu wafika pamwamba pa chitunda malaya atanyowa ndi thukuta n'kuyamba kutsika mumphepo, choncho jekete lizikhala pamwamba pa katundu, osati pansi pa thumba.

Pa mamita 2,300 madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 92, ndiye nyemba zouma zingatithere mafuta zisanapse. Tazichotsa pa ndandanda. Tidzanyamula ufa, usipa wouma, nyama ya soya, mtedza wokazinga, chiponde, tiyi, shuga ndi mchere, ndipo mpunga wa Kilombero tidzagula ku Karonga. M'midzi tidzadalira nthochi, mbatata, mazira ndi chindongwa, thobwa la kumpoto. Chakudya cha masiku anayi a m'paki chiyenera kukhala chitakwana tisanachoke pa Nthalire, ndipo zambiri tidzagula ku Chitipa komwe msika ndi waukulu. Tidzaphikira pa sitovu ya parafini kuti tisathyole nkhuni m'paki.

Madzi pamwamba pa Nyika si ovuta, popeza mapiri amenewa ndiwo gwero la mitsinje yambiri ya kumpoto, kuphatikizapo North Rukuru umene tidzauone ukuthira m'nyanja kufupi ndi Karonga tisanakaone komwe umayambira. Povuta ndi pa zitunda zouma za pakati pa Karonga ndi Chitipa ndi za kumwera kwa Chisenga. Aliyense adzanyamula malita anayi, tidzadzaza pa mjigo uliwonse umene tidzaupeze ngakhale mabotolo asanathe, ndipo madzi a mumtsinje tidzathiramo mankhwala a kulorini kapena kuwawiritsa. M'bokosi la anamwino muli mabandeji, mankhwala otsukira zilonda, opha ululu, mapaketi a ORS ndi zoyezera malungo. Masikito tidzanyamula chifukwa cha masiku a kunyanja, komwe udzudzu ndi wambiri.

Sabata yoyamba ya Juni

Masiku tawadula motere. Loyamba tidzagona ku Mhuju m'chigwa cha Henga, lachiwiri ku Livingstonia, lachitatu tidzatsika Gorodi m'mawa n'kukagona cha ku Chilumba, ndipo lachinayi tidzafika ku Karonga. Chitunda cha ku Chitipa tachipatsa masiku awiri, ngakhale ndi phula, chifukwa chimakwera mamita oyandikira 800 ndipo m'munsi mwake mumatentha ngakhale mu Juni. Kuchoka ku Chitipa kukafika ku Nthalire, mtunda wopitirira makilomita 100 wafumbi, tidzayenda masiku awiri, kugona ku Chisenga m'tsinde mwa mapiri a Mafinga. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndi lalifupi pa mapu kuposa onse, longofika pa Kaperekezi, koma ndi limene ndikuliopa, ndipo lakhumi ndi lokafika ku Chelinda, pa nkhalango ija ya paini imene inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko tidzapuma tsiku lathunthu, kuchapa, kumanga masipoko, ndipo miyendo ikalola tidzapalasa opanda katundu kukaona nyanja yaing'ono ya Kaulime. Kenaka Thazima, Rumphi, ndi kwathu. Onse pamodzi ndi masiku 14, ndipo tonse tapempha tchuthi cha masiku 16 kuti awiri akhale osungira mvula yosayembekezeka, matenda kapena njinga yothyoka. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, anatero alamu poona kufupika kwa masiku ena, ndipo mphwanga yemwe uja wa masiku asanu ndi awiri ndi amene anapempha kuti tsiku la Kaperekezi lisatalikitsidwe.

Msewu wa m'paki umatsata malire a Malawi ndi Zambia ndipo pena umalowa mbali ya Zambia, choncho aliyense adzanyamula chitupa chake cha unzika m'kathumba kapulasitiki. Netiweki m'mapiri ndi ya apo ndi apo. Tasiyira akunyumba pepala la masiku ndi malo ogona, ndipo tagwirizana nawo kuti tidzaimba foni tili ku Livingstonia, Karonga, Chitipa ndi Nthalire, ndipo akadzaona kuti padutsa masiku awiri kuchokera pa tsiku limene timayenera kutulukira pa Thazima osamva kanthu, adzadziwitse a paki. Mafoni awiri azidzakhala ozimitsa kuti asunge moto, ndipo mapepala a mapu ndawakulunga m'pulasitiki n'kuwagawa pawiri, ena kwa ine ena kwa anamwino.

Njinga ya alamu yabwera ndi magiya atsopano, ndipo dzulo anakwera nayo chitunda cholowera mu Mzuzu kuchokera ku Nkhata Bay atakhala pachishalo mpaka pamwamba. Zotsala ndi zitatu. Tikudikira yankho la a paki pa za kugona pa Kaperekezi ndi za woperekeza. Tenti ya mphwanga ikufunika kusokedwa zipi. Ndipo Loweruka likubwerali tidzamanga katundu yense weniweni, osati mchenga, kumuyeza pa sikelo ya pachigayo, ndi kupalasa naye mpaka pa Ekwendeni n'kubwerera, kuti chilichonse chogwedera kapena chokhula tayala chidziwike tikadali pafupi ndi kwathu.